Kachirombo ka mu Foda ya Hellen

Lolemba, 10 Juni

Kuzizira koopsa. Nkhungu yachoka dzuwa litakwera kale. Ndafika pa shopu zala zitauma, kiyi osalowa pa loko.

Makasitomala ochepa. Mayi wina wabwera kudzabenetsa nyimbo za kwaya mu memori ya foni yake, anyamata ena mafilimu a nkhondo. Masana a Misheck, alamu anga eni shopu, andichotsa pa mpando. Ati akuika pulogalamu yatsopano yofinya mafilimu kuti azikwana ambiri mu memori imodzi. Yaulere, mnzawo wawauza kokaitenga pa intaneti. Ine ndakasesa pakhonde.

A Rafaelo adutsa ndi matumba a mbatatesi pa njinga. Ati aonana ndi akatekisi, maina athu adzawerengedwa m'tchalitchi Lamulungu la pa 23, kulengeza koyamba kwa ukwati. Ine maso pansi. Ati, "Kodi ndi pa ukwati pomwe udzayankha ndi mutu? Ansembe samva mutu." Ndaseka mpaka kubisa nkhope m'juzi.

Kunyumba ndauza mayi aang'ono a Anjelina. Alulutira chapansipansi kuti anansi asamve. Ati amayi anga akanakhala moyo bwenzi atavina mpaka pa msewu.

Lachiwiri, 11 Juni

Sindikudziwa poyambira.

Ndayatsa kompyuta ngati masiku onse. Isanathe n'kudzuka komwe, pagalasi patulukira chishango chofiira, chachikulu, ndi mawu a Chingerezi akuthwanimathwanima. Kenako kulira ngati ambulansi. Sipika yaikulu ya pakhonde inali yoyatsa, ndiye msika wonse wa Mayani wamva. Amuna a pometera tsitsi athamangira, wina mutu utametedwa mbali imodzi.

Chingerezi changa ndi cha ku pulayimale, koma dzina langa ndaliona. Mu kompyutamo ndili ndi foda yanga, ndinailemba HELLEN. Ndimasungamo nyimbo za kwaya yathu ndi zithunzi za pa chinkhoswe. Chishangocho chimaonetsa malo amene adwala, dzina langa pamwamba penipeni, zilembo zofiira.

A Misheck awerenga mokweza, uku akumasulira anthu. "Akuti chenjezo. Akuti kompyuta yanu yadwala. Akuti kachirombo kapezeka mwa... mwa Hellen!" Atembenuka. "Aa, mlamu! Bwanji osatiuza?"

Mawu oti foda sanawatchule.

Kuseka kwake. Wometa tsitsi mpaka wakhala pansi. Wina ati, "Ofatsa omwewa ndiye oopsa." Wina, "Kompyuta sinama, inapita ku sukulu." Ine ndaima pafupi ndi chitseko, tsache m'manja. Ndimafuna kunena kuti ndi foda chabe. Ndangomwetulira ngati chitsiru, poganiza kuti ndikamwetulira asiya msanga.

Sanasiye.

Lachitatu, 12 Juni

Kompyuta sikutsegula chilichonse. Ukadina nyimbo, chishango. Ukadina filimu, chishango. A M. ati chikufuna tilipire ndi khadi ya ku banki kuti chichize matendawo. Akhala akudinadina tsiku lonse, kutukwana, kuzimitsa, kuyatsanso. Chimabwera chomwecho.

Mayi wa nyimbo za kwaya uja wabwerera. Memori yake yasokonekera, nyimbo sizikuoneka, ndi zithunzi za mwana wake zomwe. Anyamata a mafilimu nawonso. Amakalipa. A M. akweza manja, ati, "Ine ndilibe mlandu. Funsani Hellen, ndi amene wakupatsirani."

Mayiyo sanaseke. Wandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, watenga memori yake ndi nsonga za zala n'kuikulunga m'chitenje.

Podutsa pa msika ndamva, "Uyo, wa kachirombo uja." Ana asukulu akulira ngati ambulansi kumbuyo kwanga.

A R. sanadutse lero. Mwina ali ku dimba.

Lachinayi, 13 Juni

Nkhani yafika kunyumba ndisanaifikitse. Mayi aang'ono aimva ku chigayo. Ndawapeza akusenda nyemba, sanadzutse mutu. Ati, "Akuti chiyani pa shopu paja?" Ndawafotokozera za foda. Ati, "Oo." Basi. Nyemba zina amaziponya kumakoko.

Zoti mayi aang'ono amamwa ma ARV tikudziwa awiri, iwo ndi ine. Botolo limakhala m'chitini cha mchere chakale pamwamba pa kabati. Mwendo wawo ukatupa, ndine ndimakawatengera mankhwala ku chipatala. Ali bwinobwino, amalima kuposa azimayi onse a m'mudzi muno. Koma anaona zimene anthu anawachita amayi anga, kuwapatulira kapu yawoyawo mpaka tsiku lomwalira, ndipo anandilumbiritsa kuti sindidzauza munthu. Ngakhale a R.

Ndiye akamaseka pa shopu, ndinene kuti chiyani? Kuti ine si wa gulu limenelo? Gulu lake liti, la amene anandilera?

Lachisanu, 14 Juni

Kwabwera a Collins, okonza makompyuta ochokera ku boma. Achinyamata, chipewa cha ubweya mpaka m'makutu, ati kuno kukuzizira kuposa kwawo. A M. andiuza ndiwaphikire tiyi pa mbaula kuseri kwa katani. Ndiye zonse ndamva.

Poyamba azula waya wa sipika, kenako achotsa intaneti. Azimitsa kompyuta, poyatsanso akudina batani limodzi mobwerezabwereza. Yadzuka ndi galasi lakuda, zilembo zikuluzikulu. Ati akaidzutsa choncho, zinthu zochepa zokha ndi zimene zimadzuka nayo, chishango chija chimakhala chili mtulo. Alowetsa fulashi yawo yokhala ndi pulogalamu yotsukira, n'kuisiya ikufufuza.

A M. afunsa ngati tizirombo tonse tija tichoke. A Collins aseka. Ati, "Tizirombo take titi, bwana? Chishangochi ndi chabodza. Chimadzionetsa ngati mlonda, koma wakuba ndi chomwechi. Chimangotola maina a mafoda anu n'kuwapaka zofiira kuti muchite mantha, mulipire. Mukanalowetsa nambala ya khadi, bwenzi pano mukulira."

Ati nanga chinalowa bwanji. A Collins afufuzafufuza, aloza. "Ichi munaika Lolemba. Pulogalamu yofinya mafilimu, yobwera ndi kiyi yakuba. Chinakwera pamsana pake. Komanso zonse za mu kompyuta muno ndi zokopera, palibe chogula, ndiye zitseko zonse zili pululu. Mlonda weniweni munamuzimitsa nokha kuti asamakuletseni kuika zakubazi."

Kenako a M., mawu otsitsa: "Izi zithere mom'muno, achimwene. Makasitomala akamva andidya wamoyo."

Ndatulutsa tiyi. A Collins andifunsa ngati Hellen ndi ine. Ndagwedeza mutu. Atsegula foda yanga, ati, "Onani, chemwali, mulibe kanthu. Nyimbo zanu ndi zithunzi basi." Chithunzi choyamba, a R. akundiveka chitenje pa chinkhoswe. Sakudziwa chifukwa chake misozi yandilengeza. Aganiza kuti ndimaopa kutaya nyimbo.

A M. aitanitsa memori ya mayi uja, a Collins aitsuka, zithunzi zabwerera. Pochoka ati pulogalamu ija isaikidwenso, zivute zitani.

Madzulo kompyuta imaimba bwinobwino. Ndayenda wopepuka. Zatha.

Loweruka, 15 Juni

Ndalimba mtima. Tisanatsegule ndati, "Alamu, chonde auzeni anthu zimene anena a Collins."

Andiyang'ana ngati yalankhula mbuzi. "Iih, lero kwagwanji, Hellen walankhula! Zimene anena ziti?"

"Zoti mu foda yanga munalibe kanthu."

"Mlamu, si nthabwala za pachilamu izi? Ndisaseke ndi iwe, ndiseke ndi apongozi? Munthu wabwinobwino sakwiya ndi nthabwala yotere. Ukakwiya anthu aziti zoona." Andisisita pamutu ngati mwana, atsegula chitseko.

Wometa tsitsi wafunsa ngati kompyuta yachira. A M. ati, "Kompyuta ndiye yachira. Winayu sitikudziwa."

Lamulungu, 16 Juni

Ku kwaya Sandra, mchemwali wawo wa a R., wasamukira benchi ina. Buku la nyimbo timaonera limodzi masiku onse. Lero ndaimba pamtima.

A R. andipatsa moni wa patali, akuthamangira ku msonkhano wa achinyamata. Amayi awo sanandione. Kapena anandiona.

Lolemba, 17 Juni

Chabweranso.

A M. anaikanso pulogalamu ija dzulo, ati a Collins amangofuna kuwaopseza, mafilimu osafinya sakwana mu memori. Ndayatsa m'mawa, chishango, ambulansi, dzina langa pamwamba. Ndathamangira kuzula waya wa sipika koma anthu anali atamva kale.

Lero ndiye adzaza mpaka pa msewu. A M. aima pakhomo ngati mlaliki. "Mwaona? Kameneka sikatha. Kamangogona, kenako kadzukanso. Kakufunika mankhwala a tsiku ndi tsiku." Wina ati aike kondomu pa fulashi. Wina ati Rafaelo wagula mbatatesi yowola mkati. Wonena zimenezo ndi bambo wamkulu, wa mu limana lathu, amatsogolera mapemphero a Lachitatu.

Sandra anali pamenepo ndi beseni lake la zitumbuwa. Sanaseke. Wadikira phokoso litsike, ndiye ati, osakweza n'komwe, "Inu mukuseka. Ine ndinamuona mwezi wa Epulo ku chipatala, pawindo la mankhwala aja. Ndinangokhala chete."

Kuseka kwatha pomwepo. Bola akanapitiriza kuseka.

A M. omwe atsegula pakamwa. Andiyang'ana. Ndaona kuti nawonso akhulupirira, iwo amene bodzalo analiyambitsa okha.

Ndasesa m'shopu mosesedwa kale mpaka onse atapita.

Lachiwiri, 18 Juni

A Collins abweranso, okwiya. Ati ulendo uno chazika mizu, chatseka ndi njira ija anadzera Lachisanu. Palibe kuchitira mwina, afufute zonse, aike pulogalamu yoyendetsa kompyuta mwatsopano. Alangiza a M. kuti agule yeniyeni, kapena aike ina yaulere yosaba. A M. ati yaulereyo sadziwa kuyendetsa kwake, yogulayo agule olemera, aikenso yokopera yomweyo. A Collins apukusa mutu.

Asanafufute amasamutsa mafoda ofunika kuwaika mu chosungira china. Nyimbo, mafilimu, makalata a makasitomala. Afika pa yanga. Ati, "Iyi ya achemwaliwa tisamutsenso?"

A M. ati, "Isiyeni. Malo achepa." Ndiye chapansipansi, "Komanso makasitomala akuiopa."

A Collins andiyang'ana, kudikira kuti ndinene. Pakhomo panali anthu. Ndayang'ana pansi.

Kamzere kobiriwira kayenda pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Zithunzi za pa chinkhoswe zinali momwemo mokha. Wojambula anatipatsa pa memori, memoriyo a M. anabenerapo kasitomala mafilimu kalekale.

Kompyuta yadzuka yoyera, yothamanga. Pangodya pansi pali timawu ta Chingerezi, a Collins ati tikunena kuti pulogalamuyi si yeniyeni. A M. amatapo kapepala.

Lachitatu, 19 Juni

A R. andidikira pa mlatho wa kumunsi kwa msika, pobwerera kunyumba. Njinga ataitsamiritsa pa mtengo, manja m'thumba.

Ndayamba ndine, mwina koyamba chikumanirane. Ndawauza zonse, za foda, za chishango chabodza, za pulogalamu ya a M., zoti akafunse a Collins. Ndalankhula mpaka mpweya kundithera.

Ati, "Za kompyuta sindikufunsa. Ine si mwana, ndikudziwa kuti kompyuta siyeza magazi. Ndikufunsa za pawindo. Sandra ananama?"

Ndati sananame.

"Ndiye mankhwalawo ndi ako?"

Ndati ayi.

"Ndi a ndani?"



Ndati tipite ku chipatala mawa lomwe, tonse awiri, akatiyeze, aone okha. Ati zimenezo tidzapita ndithu, koma amayi awo akuti mapepala a ku chipatala amagulidwa, komanso akuti womwa mankhwala nthawi yaitali kachirombo sikaoneka. Akufuna dzina. Ati, "Ndiuze ine ndekha, Hellen. Ndikawauze amayi, nkhani ithe."

Ine ndekha, kenako amayi. Amayi, kenako Sandra. Sandra, kenako beseni la zitumbuwa kuzungulira msika wonse.

Ndati sindingathe.

Ati, "Ndimati kufatsa. Kani ndi kubisa." Akwera njinga. Sanathamange, amapalasa pang'onopang'ono ngati akudikira ndiwaitane. Dzina linali pa lilime penipeni. Ndaluma mlomo mpaka magazi.

Lachinayi, 20 Juni

Sindinapite ku ntchito. Ndati mutu.

Lachisanu, 21 Juni

A M. atuma uthenga, ati ndisabwere kaye, azimayi akukana kupereka mafoni awo m'manja mwanga. Ati ndisadandaule, zikazizira adzandiitana. Pamapeto aika tinkhope toseka.

Ndapita ndekha ku chipatala, ndayezetsa. Ndilibe. Ndimadziwa kale. Namwino ati ndisangalale, ndipo ati ngakhale ndikanapezeka nako si mapeto a moyo. Ndati ndikudziwa. Kapepalako ndakapinda, sindikudziwa woti ndimuonetse. Potuluka ndakumana ndi mkazi wa wometa tsitsi pa geti, mwana kumsana. Wandipatsa moni wokoma kwambiri. Pofika madzulo adzakhala atamva onse kuti ndinaliko.

Mayi aang'ono ndawapeza ku dimba akuthirira kabichi. Ndagwira khasu, iwo kheni. Tagwira ntchito kwakanthawi. Kenako ati, "Ankhoswe a kuchimuna anapita kwa amalume ako dzulo. Akuti zolengeza ziyambe zaima."

Ndati ndamva.

Akhazika kheni pansi. "Ndikawauza. Ndine nkhalamba ine, andisale, ndataya chiyani? Iwe moyo ukuyamba kumene."

Si nkhalamba. Amagulitsa kabichi ndi tomato pa msika womwewo. Ndi amene amaphika pa maukwati ndi pa maliro m'mudzi muno, azimayi amawaitana chifukwa cha dzanja lawo. Ndaona m'maso mwanga mayi uja akutenga memori ndi nsonga za zala.

Ndati ayi. Ati si iwe wondiuza zochita. Ndati munandilumbiritsa, nanunso lumbirani. Sanalumbire. Atola kheni, apita ku chitsime. Akhalitsa kumeneko.

Loweruka, 22 Juni

Ndachapa, ndasita diresi ya buluu ija ndinasungira mawa. Mwina a R. alankhula ndi amayi awo. Mwina akatekisi sanauzidwe. Sindikudziwa chimene ndikusitira.

Kuchokera kuno sipika ya pa shopu imamveka mphepo ikaomba chakuno. Ikuimba bwino kwambiri.

Lamulungu, 23 Juni

Ndavala ya buluu. Sindinakhale ku kwaya, ndakhala ndi mayi aang'ono kumbali ya azimayi, kumbuyo.

Itakwana nthawi ya zolengeza, akatekisi atsegula buku. Za ntchito ya pa manda Lachiwiri. Za msonkhano wa amayi. Kenako maukwati. Yeremiya wa kwa Kaphuka ndi Pilira wa konkuno, kulengeza kachiwiri. Nthungululu. Atembenuza tsamba, ayang'ana, atseka buku.

Mitu yatembenuka benchi ndi benchi, ngati chimanga mphepo ikadutsa. A R. anali kutsogolo kumbali ya amuna. Ndimaona khosi lawo lokha. Silinatembenuke.

Nyimbo yotulukira sindinaimve.

Panja amayi awo a R. anaima pansi pa mkungudza ndi Sandra ndi azimayi a limana, akuseka za zina. A M. adutsa ndi banja lawo, ati, "Mlamu, diresi yakukhalatu!" Akazi awo awatsina pa mkono.

Ndamva mayi aang'ono akupuma mwamphamvu pambali panga. Amanga chitenje chawo bwinobwino, kukokera mfundo m'chiuno monga amachitira akamanyamula thumba la feteleza. Ayamba kuyenda kulunjika pa mkungudza paja.

Ndawagwira chitenje kumbuyo.

Ati, "Ndisiye, Hellen." Osatembenuka.

Azimayi aja asiya kuseka, akutiyang'ana. A R. atuluka m'tchalitchi, aima pa masitepe, chipewa m'manja. Onse akudikira.

Ndakulunga nsaluyo kudzanja langa kawiri. Ndati mokweza, mpaka a pa mkungudza amva, mpaka ine ndemwe ndadabwa ndi mawu anga, "Amayi, tiyeni kunyumba. Kabichi sitinathirire."

Akoka. Sindinasiye.